Khofi wa Faines, Chimanga cha Obed

Mudzi wa Chakhala,
Ntchisi.
14 Ogasiti 2022

Mwana wanga Tiyamike,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupeza uli bwino ku Cape Town. Ine ndili bwino, kupatula makutuwa amene akunkera kugontha. Lamulungu lapitali abusa analalikira ola lathunthu, ine ndinangotolapo "Amen". Choncho usamavutike n'kundiimbira foni. Ndimakwera chulu cha kuseri kwa sukulu kukasaka netiweki, koma ndikafika pamwamba ndimangomva ngati njuchi zatsekeredwa m'botolo. Uzilemba kalata monga ndinakuphunzitsira, a Dominiko a thiraki azitinyamulira.

Nkhani yaikulu ndi iyi: nkhokwe yadzaza mpaka denga! Pa tsiku la zopereka za masika ku tchalitchi, thumba langa analinyamula amuna awiri, wina mpaka anapempha kupuma pakhomo. Atate ako aang'ono a Obed ku Mtengowanthenga ali ndi munda wathyathyathya, ng'ombe ziwiri ndi pulawo, koma ndawagonjetsanso ndi khasu langa lomweli, pa phiri pomwe pano. Chimanga chawo ndinakachiona. Ukachigwira m'manja umachita kufunafuna kuti chathera pati.

Tsopano imva zimene ndatsimikiza. Khofi uja anabzala malemu amayi ako a Faines kumtunda kwa munda, ndimuzula mu Okutobala kuti ndiwonjezere chimanga. Usadandaule. Khofiyu amapsa nthawi yomweyo imene ine ndili kalikiliki kudula chimanga, kusanja mikukwe, kututa ndi kutonola. Pofika kumtundako ndimapeza wambiri wada, wina wayoyokera pansi. Wotsalayo mavenda amagula ngati akugula madeya. Ine ndine mlimi wa chimanga, ndipo Ntchisi yense akudziwa.

M'katonimu muli ufa woyera ndi mtedza. Pangodya panatsala mpata, ndiye ndinatsekapo ndi kathumba ka khofi kuti katundu asamagwedezeke. Ameneyo ndinathyola ali wofiira, masiku awiri amene ndinapeza mpata, n'kumusenda, kumutsuka ndi kumuyanika pa thandala mmene ankachitira amayi ako. Popeza ukugwira ntchito kumene amagulitsa zakumwa zowawazi, uona wekha chochita naye.

Ukapeza jombo za saizi eyiti unditumizire. Zangazi zayamba kumwa madzi.

Ndine bambo wako,
Elifala Mbewe
Mphunzitsi wamkulu wopuma

Cape Town.
9 Sepitembala 2022

Ababa,

Moni, moni! Ndili bwino, ufa wafika, mtedza watha kale. Koma ababa, khofi uja musazule! Ndabwereza: musazule! Ngati khasu lili m'manja, liikeni pansi muyambe mwawerenga.

Kathumba kanu kotsekera mpata ndinapita nako ku ntchito. Abwana anga a Lidia, eni malo ano, amene amakazinga okha khofi yemwe timagulitsa, anakatsegula n'kununkhiza. Anakazinga pang'ono, kupera, kuthira madzi otentha, n'kulawa ndi supuni. Ine mtima unali m'mwamba, ndimvekere ndabweretsa manyazi. Analawanso, n'kuitana onse a m'khitchini kuti adzalawe. Akuti khofi wotere amamuitanitsa kuchokera kutali, ku Ethiopia ndi ku Colombia, osadziwa kuti wina akumera kuseri kwa nyumba ya wantchito wawo. Ndinalira, ababa. Ndinakumbukira amayi akusankha khofi m'lichero, ife tikuwaseka kuti akuvutikira zinthu zoti sitimwa n'komwe.

Ndinawafunsa kuti bwanji osangobzala wawo kuno, poti ali ndi mathirakitala ndi madzi a m'mapaipi. Anaseka. Akuti atalimbikira akhoza kumeretsa mitengo ingapo m'nyumba ya magalasi, koma malo ndi anthu amenewo akanatulutsa mphesa ndi maapozi odzaza sitima. Ndiye iwo amalima mphesa, amapanga makina, n'kugula khofi kwa amene nthaka yawo inamuvomera. Akuti wanu yense wa chaka chamawa adzagula, bola akhale wothyoledwa ali wofiira ngati uyu, ndipo mtengo wake si wa mavenda ayi.

Ndiye ndaganiza chonchi. Chimanga chichoke pa munda wa amayi. Nkhani yonse ya chimanga ipite kwanu ku Mtengowanthenga, kwa atate aang'ono, kumene kuli malo ambiri. Munda wa amayi ukhale wa khofi basi. Ndalankhula kale pafoni ndi amalume a Malizani monga eni mbumba, ndipo avomera kuti kumunsi kumene mumalima chimanga kubzalidwe khofi wina.

A Dominiko akuliza hutala panja, ndilekere pomwepa. Jombo zili m'jumbo lakuda. Mundiyankhe msanga, tulo sindikuliona ndi chimwemwe!

Mwana wanu,
Tiyamike

Mudzi wa Chakhala,
Ntchisi.
30 Okutobala 2022

Mayi Tiyamike,

Kalata yanu ya pa 9 Sepitembala ndailandira dzana. Thiraki inawonongeka ku Tete.

Khofi sindinazule. Khasu ndinali nditanola, ndipo Lolemba ndikanayamba, koma mwandikumbutsa kuti si wanga.

Ndamva zonse. Ine ndine mkamwini. Ndinafika m'mudzi muno mu 1984 ndi sutikesi imodzi ndi njinga, kudzakwatira amayi anu. Mwambo ndikuudziwa: mkazi akamwalira, mkamwini amasudzulidwa n'kubwerera kwawo. Kungoti zaka zitatu zinadutsa popanda wondiuza kanthu, ndiye ndinadzinamiza kuti ndasanduka wa pano. Popeza mwakambirana kale ndi amalume anu kuti chimanga changa chichoke ndipo chipite kwathu, ine ndi chimanga changa tipitira limodzi. Sindidikira kuti andikhazike pabwalo.

Chandipweteka n'chakuti ndamvera m'kalata, kuchokera kwa mwana amene ndinamugwira dzanja polemba dzina lake koyamba.

Kiyi wa nyumba ndasiya kwa amalume anu. Anayesa kulankhula zambiri, koma monga mukudziwa ine sindimva. Jombo ndazisiya pakhomo, poti ndi za m'munda mwanu.

Ine,
E. Mbewe

Mtengowanthenga,
Dowa.
6 Novembala 2022

Mwana wathu Tiyamike,

Moni wochokera kwa ine bambo wako wamng'ono Obed ndi amayi ako aang'ono a Hana. Tili bwino, kapena ndinene kuti tinali bwino mpaka Lachiwiri. Kalatayi a Hana aijambula pafoni kuti ikupeze lero lomwe, chifukwa kuno kwavuta. Ya bambo ako ili m'njira ndi a Dominiko, ndipo ukadzaiwerenga udzakhale pansi.

Lachiwiri masana tinangoona achimwene a Elifala akutsika minibasi ndi sutikesi, njinga, khasu ndi buku la nyimbo. Akuti wawasudzula. Ine ndinawerenga kalata yako kawiri ndipo sindinapezemo zosudzula, koma ukudziwa kuti bambo ako akagwira mfundo amachita ngati nkhupakupa pa khutu la ng'ombe. Ndikafuula kuti mwamva molakwika, iwo amayankha kuti inde, mvula yayandikira.

Mwana iwe, tipulumutse. Tambala asanatsike mumtengo amakhala ali kale m'munda mwanga ndi chingwe, kuyeza mizere. Akuti mizere yanga ndi yokhota ngati njira ya munthu wochokera ku mowa, chonsecho ine ndine mkulu wa mpingo. Dzulo anaphwasula mizere khumi imene ng'ombe zinalima, n'kuikonzanso ndi khasu. Choipa kwambiri n'chakuti yawoyo yaongokadi. A Hana nawo awaphunzitsa kasungidwe ka nkhuku, ntchito imene akhala akuigwira zaka makumi atatu.

Koma ndisangoseka. Madzulo amakhala pa mpando kuseri kwa khola, nkhope kuloza ku mapiri a Ntchisi. Dzulo ndinawamva akudzifunsa okha kuti kaya khofi wa Faines wachita maluwa ndi mvula yoyambayi, nanga amuphimbira ndani udzu. Chakudya akungotola pang'ono. Ine zikundimvetsa chisoni, chifukwa munthu uyu thupi lili kuno koma mtima unatsala ku phiri.

Za chimanga zija, ine ndasangalala nazo kwambiri. Theka la munda wanga limangogonera chaka ndi chaka chifukwa chosowa mbewu ndi feteleza, pamene ng'ombe zikungonenepa. Za khofi zokha musandiyese. Amayi ako anandipatsapo mbande makumi awiri, zonse zinauma, ina inadyedwa ndi mbuzi ndikuyang'ana.

Lemba msanga, utumize pafoni. A Hana akopera papepala, poti bambo ako za pafoni sawerenga, akuti imeneyo si kalata.

Bambo wako wamng'ono,
Obed

Cape Town.
7 Novembala 2022

Ababa anga okondedwa,

Ndagwada pansi. Pepani, pepani kwambiri. Ndinalemba mothamanga, chimwemwe chitandizunguza mutu, osaganiza kuti mawu akuti "kwanu" angalase bwanji munthu amene wakhala pa mudzi zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu. Kwanu ndi ku Chakhala, pamene pagona amayi. Amalume ndinawafunsa za malo obzala mbande, osati za inu. Dzulo pafoni anatsala pang'ono kulira, akuti anakuthamangirani mpaka pa msewu akufuula, inu osacheuka. Munda uja popanda inu ndi tchire. Amene akufunidwa ndi a Lidia si mitengo yokha, ndi manja amene anathyola khofi uja.

Ndipo sindinanene kuti simutha kulima chimanga. Mumatha kuposa atate aang'ono, iwonso akudziwa, ndipo ndamva kuti sabata ino mwawakumbutsa mokwanira. Vuto lake ndi lomwelo: mumatha zonse ziwiri, koma manja muli nawo awiri okha.

Mukukumbuka kwaya ya abambo imene munkaimba ndi atate aang'ono ndili mwana? Munkatiuza kuti besi mumaitha kuposa iwo, tenalanso mumaitha kuposa iwo. Zinali zoona. Koma pakamwa ndi pamodzi. Pa besi iwo ankangotulutsa mpweya, pamene pa tenala ankakutsatirani pafupi ndithu. Ndiye inu munatenga besi, iwo tenala, ndipo kwaya yanu inabwera ndi chikho kuchokera ku chikondwerero cha ku Dowa. Mukanakakamira tenala chifukwa choti mumaitha, besi ikanaimbidwa ndi ndani?

Munda ndi chimodzimodzi. Pa chimanga mumawaposa pang'ono. Pa khofi mumawaposa kutalitali, poti wawo amadyedwa ndi mbuzi. Sabata iliyonse imene mumathera pa mikukwe, kumtunda kumayoyoka khofi woti akanakugulirani chimanga choposa chimene mukututacho. Pamene atate aang'ono akathera sabata m'chimanga sataya kanthu, chifukwa alibe china chowadikira. Inu muwapatse mbewu ndi feteleza, iwo alime munda wonse ndi ng'ombe, chimanga mugawane. Mayiko nawonso amatero, ababa. A kuno ali ndi mphesa ndi makina, ife tili ndi phiri lozizira ndi dothi lofiira, ndipo tikasinthana aliyense amapita kwawo atanyamula zambiri.

Inu ndinu mphunzitsi wa masamu. Musandikhulupirire ine, tengani pensulo muwerengere nokha masiku. Mukapeza kuti ndalakwa, mundichonge ndi inki yofiira monga kale. Koma muwerengere muli kunyumba, chonde. Jombo zikukudikirani pakhomo.

Mwana wanu amene anakulakwirani,
Tiyamike

Mudzi wa Chakhala,
Ntchisi.
4 Disembala 2022

Mwana wanga Tiyamike,

Taona keyala pamwambapo. Ndabwerera.

Kalata yako a Hana anaikopera bwino, ngakhale zilembo zawo zimagona chammbali. Ndinaiwerenga katatu. Kenako ndinatenga pensulo kuti ndikugwire bodza. Ndinalemba masiku onse amene ndimathera m'chimanga kuyambira kugalauza mpaka kutonola, n'kuika pambali pake khofi amene amawonongeka masiku omwewo. Ndinabwereza njira ziwiri zosiyana. Mwana iwe, inki yofiira ndinaitsegula pachabe! Zaka zonsezi ndakhala ndikuuza ana a Sitandade 8 kuti mapanga awiri avumbwitsa, osadziwa kuti wovumbwayo ndine ndemwe.

Za kusudzula zija tisazikumbenso. Nanenso ndinathamanga. Amalume ako anandilandira ndi nkhuku, ndipo tinagwirana chanza nthawi yaitali osanena kanthu, zimene kwa munthu wosamva ndi zokambirana zabwino kwambiri.

Ukanaona khofi mmene ndinamupezera! Maluwa mbuu munda wonse, fungo lake mpaka ku msewu, njuchi zili piringupiringu. Ndinaima pakati pa munda ndi jombo zatsopano, misozi n'kumangotsika. Ndamupalira, ndamudulira, ndamuphimbira udzu. Kumunsi ndakumba mayenje a mbande zatsopano, onse oyezedwa ndi chingwe. Ndapitanso ku kopaletivi ya alimi a khofi kukalembetsa, chifukwa akuti mapepala a boma otulutsira katundu kunja amayendetsa ndi iwowo. Mlembi wawo ndi mtsikana amene ndinamuphunzitsa ndekha, ndiye zinthu zikuyenda.

Mbewu ndi feteleza zimene ndinakonzera munda wanga ndazisiya kwa Obed. Ndamusiyiranso chingwe changa choyezera mizere. Anachilandira ngati ndamupatsa njoka.

Koma ndisakubisire, pali chimene chikundidya. Nkhokwe yanga ili m'mphepete mwa njira ya ku tchalitchi. Chiyambire 1984 sinakhalepo yopanda chimanga cholima ine mwini. Kuno munthu wodya chimanga cha wina amatchedwa mlesi, kaya wagwa njala. Anthu ayamba kale kundifunsa ngati ndikudwala, poona kuti mvula yagwa koma kumunsi kulibe mizere. Ndipo moyo wanga wonse wa chaka chamawa ndauika m'manja mwa munthu amene mizere yake imakhota. Ukamapemphera uzimutchula dzina.

Ndasiya kandime kakang'ono kuseri kwa khitchini ka mondokwa wootcha. Pamenepo masamu ako asafikepo.

Bambo wako,
Elifala

Mtengowanthenga,
Dowa.
25 Juni 2023

Mwana wathu Tiyamike,

Moni! Tonse tili bwino. Bambo ako akuti ndikulembere ineyo chifukwa iwo alibe nthawi yogwira cholembera. Tamva zimenezo! A Elifala Mbewe kusowa nthawi yolemba kalata!

Ndiyambe ndi zanga, poti mwayi wodzitama sundipeza kawirikawiri. Chimanga chabereka, mwana iwe! Munda wonse, mpaka kuja kunkamera nsenjere. Chingwe chija ndinachigwiritsa ntchito, koma usawauze. Anthu odutsa pa msewu ankaima n'kumafunsa kuti mundawu wagulidwa ndi ndani.

Pamene ine ndimakolola, ku Chakhala kunali kotentha. Bambo ako anali m'khofi tsiku ndi tsiku kuyambira mu Meyi, pamodzi ndi amayi a Chigwirizano, anzawo a malemu amayi ako, amene anawalemba ganyu yothyola. Akuti dengu lililonse amaliyendera ngati akuchonga mayeso, kambewu kamodzi kobiriwira kakapezeka, dengu lonse libwerere. Koma nkhokwe inali pululu, ndipo anthu sanawasiye. Ena ankati aphunzitsi apenga, adzadya khofi. Wina anafika pokawasiyira kalichero ka chimanga pakhomo ngati wamasiye wosowa. A Malizani akuti tsiku limenelo bambo ako sanatuluke m'nyumba mpaka masana.

Nditamva zimenezo ndinati ayi, mkulu wanga sangachite manyazi ine ndili moyo. Ndinapeza lole, tinapakira gawo lawo lonse, losatonola monga amafunira, ndipo ndinauza dalaivala kuti tikafike Loweruka masana, nthawi imene anthu amachokera ku msika. Titafika pa Chakhala ndinati ayende pang'onopang'ono, aziliza hutala. Ine ndinali pamwamba pa chimanga, chipewa m'manja, ngati mkwati. Mudzi wonse unatuluka! Amayi a Chigwirizano anatsika kumtunda akululutira, manja ali ofiira ndi khofi. Tinathira m'nkhokwe mpaka inakana, chotsala tinaunjika pakhonde.

Bambo ako anatola chimanga chimodzi, kuchisenda, kuchitembenuza, kuwerenga mizere ya njere zake. Ine thukuta lili kamukamu. Kenako anati, "Obed, chimenechi ndi chimanga." Zaka makumi asanu ndi limodzi ndakhala ndikudikira mawu amenewo. Ndinayang'ana kumbali kuti anthu asaone nkhope yanga.

M'mawa mwake linali tsiku la zopereka za masika. Iwo ananyamula beseni la khofi wofiira pamutu, ine thumba la chimanga pambuyo pawo, mpaka kutsogolo. Abusa anayang'ana besenilo n'kufunsa kuti kodi zimenezi aziphika bwanji. Tchalitchi chonse chinafa ndi kuseka, bambo ako osamva kanthu, akungomwetulira.

Khofi akuuma pa mathandala asanu ndi limodzi. Uwauze abwana ako akonzeke.

Bambo wako wamng'ono, mlimi wa chimanga,
Obed

Cape Town.
21 Okutobala 2023

Ababa,

Wafika! Khofi wafika! Moni ndipereka pambuyo, ndiloleni ndiyambe ndafuula.

Mapepala anachedwa masabata atatu pa chipata cha dziko, ine mpaka ndinaonda. Koma Lachinayi matumba anatsitsidwa pakhomo pa shopu, olembedwa kuti Ntchisi, Malawi. Ndinawakumbatira pamaso pa anthu, ndipo ndinamva kafungo ka utsi wa kwathu pa chiguduli. A Lidia analawa n'kunena kuti uyu waposa wa chaka chatha, chifukwa palibe kambewu kakuda ngakhale kamodzi. Ndinawauza kuti wosankha wake anali hedimasitala.

Loweruka tinayamba kugulitsa. Ababa, anthu anaima pa mzere mpaka panja! Ine ndimathira m'makapu, ndipo aliyense wofunsa kuti khofiyu ndi wa kuti ndimamuuza kuti ndi wa kuseri kwa nyumba yathu, anabzala ndi amayi anga, anathyola ndi bambo anga. Mayi wina anandifunsa kuti Ntchisi ali kuti, ndinamujambulira mapu pa kapepala kopukutira pakamwa. A Lidia akufunsa ngati alimi ena a m'mudzimo angathyole mwa njira yomweyo chaka chamawa, chifukwa wanu yekha sakwanira. Ndiye amene anakusiyirani kalichero uja mumuuze kuti mbande zilipo.

Malipiro anu apita kudzera ku kopaletivi monga tinapanganira, kupatula gawo limene munandilola kuti ndikugulireni chinthu kuno. Munati ndisankhe ndekha, bola chisakhale foni. Ndasankha. M'katonimu muli kabokosi kakang'ono, ndipo m'kati mwake muli timakina tiwiri tovala m'makutu tothandiza kumva. Timeneti ku Chakhala sitingamere ngakhale mutathira manyowa otani, monganso khofi wanu sangamere kuno. Musatiyese nokha. Mupite nato ku chipatala cha makutu ku Lilongwe akakuyezeni ndi kukutcherani bwino, atate aang'ono akuperekezeni.

Mulinso paketi imodzi ya khofi wokazinga kale. Muyang'ane dzina limene lalembedwa kutsogolo kwake. Zaka zonsezi simunalaweko khofi wa m'munda mwanu, ndiye ulendo uno mulawe, mundiuze.

Tsopano moni. Muli bwanji, ababa? Ine ndili bwino kuposa kale lonse.

Mwana wanu,
Tiyamike

Mudzi wa Chakhala,
Ntchisi.
10 Disembala 2023

Mwana wanga Tiyamike,

Ndili bwino, ndipo ulendo uno ndikunena zoona zokhazokha, makutu omwe.

Ndiyambe ndi paketi. Nditaona dzina lakuti Faines litalembedwa ndi zilembo zikuluzikulu, ndinakhala pansi pakhonde. Amayi ako sanapiteko kutali kuposa ku Lilongwe, koma lero dzina lawo likutchulidwa ndi anthu a m'mphepete mwa nyanja ya mchere. Ankandiuza kuti khofi ameneyu adzatitengera kutali, ine n'kumati mitengo yosadyedwa ikungotha malo a chimanga. Ndinapita nayo paketiyo kumanda kukawaonetsa. Ndinawauzanso kuti ndinatsala masiku atatu kuti ndizule, ndipo ndinapepesa.

Kenako tinalawa, ine, Obed ndi amalume ako. Mwana wanga, anthu akowo ali bwinobwino? Zowawa ngati mankhwala a malungo! Obed anathira masupuni asanu a shuga koma nkhope inakhalabe yokwinyika. Tagwirizana kuti iwo azimwa, ife tizilima. Ine ndi tiyi wanga wa ku Thyolo sitisiyana, ndipo tsopano ndikumwa wothira mkaka tsiku lililonse.

Mabanja asanu ndi anayi alembetsa kuti athyole nafe chaka chamawa, ndipo Loweruka lililonse ndimawaphunzitsa pansi pa mtengo wa mango. Mwini kalichero uja amakhala kutsogolo. Obed watenga kale mbewu ndi feteleza, akuti chaka chino abwereka ndi munda wa apongozi ake, chifukwa enanso kuno akufuna chimanga chake. Wayamba kuyenda ngati mwini esiteti.

Tsopano za timakina. Ku Lilongwe anatitchera bwino, ndipo chinthu choyamba chimene ndinamva chinali Obed akuuza namwino kuti ndine munthu wovuta. Ndinamuyankha pomwepo, analumpha ngati waponda moto. Pobwerera ndinamva ndalama zachitsulo zikulira m'thumba la kondakitala. Kunyumba ndinamva nkhuku, chitseko, mvula pa malata. Sindinkadziwa kuti jombo zimene unanditumizira zimalira poyenda.

Dzulo Obed anagona kuno kuti lero tipite limodzi ku tchalitchi. Ulaliki ndinaumva wonse, ndipo unali wautali kuposa mmene ndinkaganizira. Itafika nyimbo yotsekera, ndinayamba besi monga ndimachitira, ndekhandekha m'mutu mwanga. Ndiye pambali panga ndinamva tenala. Zaka zisanu ndi ziwiri ndisanamve mawu a mng'ono wanga akuimba, Tiyamike. Ndinalephera kumaliza ndime yachiwiri, iye n'kupitiriza yekha mpaka ndinamupezanso pa ndime yachitatu.

Pa mawu okwera amaphonyabe pang'ono, monga kale. Ndikanatha kumuimbira bwino. Koma ndinakhala pa besi yanga, ndipo tinafika limodzi pa Amen.

Foni ukhoza kuimba tsopano, ndikwera chulu. Koma kalata usasiye.

Ndine bambo wako,
Elifala Mbewe
Mlimi wa khofi, Chakhala